Maliro a amalume anga sanayimbidwe

Mayi a Tadala, ku Chonde:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwaswera bwanji? Ndakhala zii pagulu pano chifukwa tinali pa maliro a amalume anga, alongo awo a mayi anga, kumudzi kwathu mbali ya ku Muloza. Tinawaika Lachinayi lapitali. Ndili ndi funso limene likundisowetsa tulo, ndipo ndikupempha mundiyankhe ndi Baibulo, musangondipukuta misozi ayi. Mpingo wake sindiutchula, sindinabwere kudzanyoza munthu.

Amalumewo anali mkhristu wodya mgonero kuyambira unyamata wawo. Zaka 11 zapitazo anadulidwa chifukwa cha mowa, ndipo sanabwererenso. Mowa ankamwadi, sindibisa. Koma funsani aliyense wa kwathu za usiku wa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi atatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo yomwe, amalume ankabereka ana ndi nkhalamba kumsana kuwolotsa khwawa, kupita ndi kubwera, mpaka kunja kunacha miyendo ili magazi okhaokha. Nyumba yawo sinagwe, ndiye anasungamo mabanja atatu kwa miyezi iwiri, akugawana kaufa komwe kanalipo. Ana awiri a mnzawo amene ankagwira naye ntchito ku esiteti, bambo awo atamwalira, ndi amalume anawalipirira fizi mpaka folomu 4.

Pa maliro akulu ampingo anabwera, anakhala nafe pa siwa, chipepeso anapereka, koma anati nyimbo sayimba chifukwa malemu anafera kunja. Bokosi linanyamuka kuli zii, kumangomveka mapazi a adzukulu. Kumanda munthu wina amene anapatsidwa mpata wa mawu anawerenga Yesaya 64:6, paja akuti zolungama zathu zili ngati nsanza zodetsedwa, n'kunena kuti amene akutama malemu chifukwa cha Freddy akudzinyenga, munthuyu wapita kumoto. Mayi anga chibwerere kumanda sakudya.

Ndiye ndikufunsa: zonse anachita zija, pamaso pa Mulungu n'zopanda pake? Nanga munthu akadulidwa pansi pano, ndiye kuti kumwambanso wadulidwa?

Nachisale:
Pepani achemwali. Ndawerenga misozi ikulengeza. Ambuye awagwire mayi dzanja.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Pepani kwambiri amayi chifukwa cha zovutazi. Mwapempha Baibulo, ndiye ndinena mosapsatira. Aefeso 2:8-9 akunena kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo kudzera m'chikhulupiriro, ndi mphatso ya Mulungu, sizichokera ku ntchito kuti wina asadzitame. Kuwolotsa anthu ndi chinthu chabwino, koma sikufafaniza tchimo ngakhale limodzi. Zikanakhala kuti ntchito zimapulumutsa, Yesu anafera chiyani pamtanda? Nikodemo anali munthu wamakhalidwe, mphunzitsi wa Israeli, koma anauzidwa kuti ayenera kubadwa mwatsopano. Funso si lakuti amalume anabereka anthu angati kumsana. Funso ndi lakuti anamulandira Yesu kukhala Mbuye ndi Mpulumutsi wawo kapena ayi. Mlalikiyo mwina analankhula mouma, koma mfundo yake ndi ya m'Malemba.

Bambo a Yamikani, ku Makwasa:
Achimwene a ku Bvumbwe, bwanji mwaimira pa vesi 9? Tsikani mzere umodzi wokha. Vesi 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu kuti tiyendemo. Ndi munthu yemweyo akulemba, mpweya wake ndi womwewo. Ndipo Yakobo 2 mumuika pati? Iye akupereka chitsanzo cha mbale wausiwa ndi wanjala, wina n'kumuuza kuti pita mumtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa kanthu. Akuti chikhulupiriro chotero ndi chakufa, ngakhale ziwanda zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi n'kumanjenjemera. Usiku wa Freddy uja panali akhristu angati amene anali ndi makhadi a chopereka odzaza koma anatseka zitseko?

Ife a Adventist anthu amatinena kuti timadalira lamulo, mwina chifukwa mishoni yathu kuno, imene inayamba mu 1902, dzina lake ndi Malamulo. Koma sitiphunzitsa kuti lamulo limapulumutsa. Lamulo ndi kalilole, limakuonetsa litsiro, silikusambitsa. Timasunga malamulo chifukwa tapulumutsidwa, monga Yesu ananena pa Yohane 14:15 kuti amene amamukonda asunga malamulo ake.

China, mayi a Tadala: kwa ife palibe munthu amene ali kumoto lero lino. Mlaliki 9:5 akuti akufa sadziwa kanthu. Amalume anu agona, akudikira tsiku la chiweruzo ngati wina aliyense. Amene analengeza chigamulo kumandayo anakhala pampando umene si wake.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Nanga mwini chuma uja wa pa Luka 16, amene anakweza maso ali m'mazunzo, anali m'tulo? Ndipo popeza mwatchula malamulo, 1 Akorinto 6:10 ikunena poyera kuti oledzera sadzalowa mu ufumu wa Mulungu. Amayiwa avomera okha kuti malemu ankamwa. Ndiye mwa malamulo anu omwewo nkhani yatha kale.

Mlembi wa gulu:
Abale, za kumene akufa ali tinakambirana kale mwezi watha ndipo sitinamalize. Lero tiyeni tikhale pa funso la mayi a Tadala. Kumbukiraninso kuti tikulankhula ndi namfedwa.

Akatekisiti, ku Thyolo boma:
Zikomo alembi. Mayi a Tadala, tsegulani Mateyu 25 kuyambira vesi 31. Pamenepo si Paulo kapena Yakobo akulankhula, ndi Woweruzayo mwini wake akufotokoza mmene mlandu udzayendere. Ndinali ndi njala munandipatsa chakudya, ndinali mlendo munandilandira, ndinali wamaliseche munandiveka. Chimene chimandigwira mtima nthawi zonse ndi chakuti a kudzanja lamanja aja akudabwa. Akufunsa kuti Ambuye, tinakuonani liti? Sanali kuwerengera. Munthu amene akuchita zabwino kuti agule nazo kumwamba sangadabwe, amakhala ali ndi kabuku kake m'thumba. Amalume anu polowa m'madzi mumdima uja sindikhulupirira kuti ankawerengera kanthu.

Sindikunena kuti ntchito zimagula chipulumutso. Anthu ambiri amaganiza kuti Akatolika timatero, koma si zoona. Pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasayinirana chikalata chovomereza pamodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndiponso kuti Mzimu Woyera amene timalandira ndi amene amatipatsa mphamvu zochitira zabwino. A Methodist anavomereza chikalatachi mu 2006, mipingo ya Reformed mu 2017. Mkangano umene unagawa mpingo kuyambira 1517 eni ake anaukhalira pansi, koma ife kuno timagendanabe ndi mavesi kumanda.

Ndiye ndimadzifunsa: chikondi chimene chimalowetsa munthu mu mtsinje wodzaza chifukwa cha mwana wa mwini, gwero lake n'kuti? 1 Yohane 4:7 akuti chikondi chichokera kwa Mulungu. Ine sindingachitche nsanza.

Mayi a Tadala, ku Chonde:
Zikomo nonse. Koma mutu wanga wazungulira. Wina wandipatsa Paulo, wina Yakobo, wina Mateyu. Kodi Baibulo limadzitsutsa lokha? Ndikawauza chiyani mayi anga, amene kuwerenga sadziwa?

Aphunzitsi opuma, ku Luchenza:
Mwanawe, funso lako ndi limene linandivutitsa zaka zambiri, ndiye undilole ndilembe motalikirapo.

Choyamba, manambala a mavesi amene tikuponyeranawa sanalembedwe ndi Paulo kapena Yakobo. M'Chipangano Chatsopano anaikidwamo mu 1551 ndi wosindikiza mabuku wina dzina lake Robert Estienne, kuti tizipeza malo msanga. Paulo analemba makalata, ndipo kalata imawerengedwa kuyambira pa moni mpaka pa kutsanzika. Mwana wako akakulembera kuchokera ku Johannesburg, sutenga mzere umodzi wapakati n'kutaya inayo.

Tsono taona chodabwitsa. Paulo pa Aroma 4 ndi Yakobo pa mutu 2, onse awiri akuitana mboni imodzi, Abrahamu, ndipo onse akutchula vesi imodzi, Genesis 15:6, kuti Abrahamu anakhulupirira Mulungu ndipo kunawerengedwa kwa iye chilungamo. Koma aima pa masiku osiyana a moyo wa munthuyo. Paulo waima pa usiku umene Abrahamu anauzidwa kuti awerenge nyenyezi, alibe mwana, asanachite mdulidwe. Mdulidwe unabwera ali ndi zaka 99, pa mutu 17. Paulo akutsutsana ndi anthu amene ankauza akhristu a mitundu ina kuti popanda mdulidwe ndi miyambo ya Mose sangapulumuke, nkhani yomwe ija inakambidwa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15. Ndiye akuti, onani, kholo lathu linalandiridwa lili manja lendelende. Yakobo waima pa Genesis 22, zaka zambiri pambuyo pake, pa phiri ndi Isake ndi nkhuni. Iye akutsutsana ndi anthu ena, amene ankapatsa wovala mphete yagolide mpando wabwino m'tchalitchi, wosauka n'kumuuza kuti aime uko, koma pakamwa pali chikhulupiriro chokhachokha. Akuti, chikhulupiriro cha Abrahamu chinaoneka pamene chinafunsidwa kanthu.

Sing'anga mmodzi sapatsa wodwala malungo ndi wodwala m'mimba mankhwala ofanana. Paulo akuchiza wodzitama ndi ntchito, Yakobo akuchiza wodzitama ndi mawu. Ndipo Paulo yemweyo pa Agalatiya 5:6 akuti chimene chili kanthu ndi chikhulupiriro chogwira ntchito mwa chikondi, mawu amene Yakobo akanawasayinira.

Ndiwonjezere ichi, ngakhale ine ndemwe ndinakulira m'mpingo wa ana a Reformation, kugawika kwa mpingo kuja kumene kunayamba mu 1517. Martin Luther pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522 anawonjezera liwu lakuti "chokha" pa Aroma 3:28, liwu limene m'Chigriki mulibe, ndipo kalata ya Yakobo anaitcha ya mapesi. Malo okhawo m'Chipangano Chatsopano pamene mawu akuti "chikhulupiriro chokha" alembedwa motero ndi Yakobo 2:24, ndipo pamenepo akukana. Sindikunena kuti Luther analakwitsa mfundo, ndikhulupirira kuti tanthauzo la Paulo analigwira. Ndikungoti ngakhale akuluakulu anapunthwapo pa mwala womwewu, ndiye ife tiyende mofatsa.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Aphunzitsi, ndaphunzirapo zambiri, zikomo. Koma simunakhudze 1 Akorinto 6:10. Ngati chikhulupiriro chenicheni chimaoneka ndi zipatso, ndiye zaka 11 za mowa popanda kulapa ndi chipatso chanji? Ine bambo anga anafa ndi kachasu, ndinaona mmene anatisiyira. Sindingauze munthu kuti tchimo limeneli ndi laling'ono. Tikayamba kunena kuti wachifundo aliyense wapulumuka, mawa achinyamata adzati bola ndikhale wabwino, Yesu ndi wosafunika.

Aphunzitsi opuma, ku Luchenza:
Pepa mwanangu za bambo ako, tsopano ndamva kumene mawu ako akuchokera. Mowa si tchimo laling'ono, waononga mabanja ambiri m'maboma athu awiriwa a Thyolo ndi Mulanje. Koma werenganso vesiyo pang'onopang'ono. M'ndandanda womwewo muli akuba, osirira, olalata ndi olanda. Pa moyo wanga wonse ndaona anthu ambiri akudulidwa chifukwa cha mowa ndi mimba, koma wodulidwa chifukwa cha umbombo kapena katapila sindinamuonepo. Timalanga machimo amene amanunkha ndi amene amaonekera pamimba. Vesiyo ikagwira amalume a mayi a Tadala, yagwiranso theka la anthu amene maliro awo tinayimba mpaka mawu kusasa.

Za Yesaya 64:6 zandipweteka kwambiri. Mutu umenewo ndi pemphero. Mneneri akuti "ife tonse", akudziwerengera yekha pamodzi ndi mtundu wake pamaso pa Mulungu, ndipo mavesi awiri kutsogolo akumutcha Mulunguyo Atate, ife dongo, Iye woumba. Ndi mawu onena munthu atagwada, akudziguguda pachifuwa. Kuwatenga n'kulozera nawo bokosi la mnzako ndi kuwatembenuza chadodolido. Pa Luka 18 amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa ndi uja ananena za machimo ake, osati uja ananena za machimo a mnzake.

Mayi a Pilirani, wothyola tiyi:
Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndiloleni ndiikepo mawu. Ndathyola tiyi zaka 19. Moyo wathu ndi wa pa sikelo. Umalawirira mame ali thoo, dengu kumsana, masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, mpaka zala kuchita dzanzi. Ukafika pa sikelo kalaliki amalemba makilo ako, kapitawo akaona masamba okhwima amakubweza kuti ukasankhe. Tsiku la malipiro palibe chisomo, zimene wathyola ndi zimene walandira. Ndiye ife tikalowa m'tchalitchi timalowa ndi sikelo yomweyo m'mutu. Timaganiza kuti kumwamba kulinso kalaliki.

Tsiku lina abusa anawerenga Mateyu 20, za mwini munda amene analemba aganyu mamawa, ena chakum'mawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka kwatsala ola limodzi, n'kuwalipira onse mofanana, kuyambira omalizawo. Ndinapsa mtima pa benchi pomwepo. Ndinali kumbali ya odandaulawo, chifukwa kutentha kwa dzuwa ndimakudziwa. Ndinasinkhasinkha sabata yathunthu m'mizere ya tiyi. Kenako ndinaona chimene omaliza aja anayankha atafunsidwa chifukwa chimene angoimira tsiku lonse. Anati palibe amene watilemba. Amenewo ndimawadziwa, ndi aja amaima pageti nyengo ya chilimwe masamba akachepa, n'kubwerera kunyumba opanda kanthu ana akudikira. Mwini munda uja sanayang'ane makilo, anayang'ana kuti nyumba iliyonse idye usiku umenewo.

Ndiye mayi a Tadala, ine ndikuona kuti onse awiri akuyeza. Amene akuti amalume apulumuka chifukwa cha Freddy aika Freddy pa sikelo. Amene akuti atayika chifukwa cha mowa aika mowa pa sikelo. Koma sikeloyo eni munda sanatipatse.

Agogo a ku Thekerani (akulemba ndi mdzukulu wawo):
Agogo akuti ndiwalembere izi monga akunenera.

Ana inu, liwu lakuti thangata mumalimva m'mabuku a sukulu, ine ndinabadwiramo. Tinkakhala pa malo a mzungu kuno ku Thyolo. Bambo anga ankagwira thangata kuti tisathamangitsidwe. Ukapanda kugwira masiku ako, amakuuza kuti usamuke, nyumba ndi munda zitsale. Ankapita kukalima kwa mzungu nthawi ya mvula, nthawi yomweyo imene munda wathu unkafuna khasu. Sankapita ndi mtima ayi, ankapita ndi mantha. Zinatha ufulu utayandikira.

Koma amayi anga anandiuza kuti liwulo silinali loipa pachiyambi. Kuthangata kunali kuthandizana. Mnzako akadwala kapena akamanga nyumba, mudzi umapita ndi makasu, kuimba, kumwa thobwa, palibe wolemba masiku. Sunkathangata kuti ukhale wa pamudzi. Unkathangata chifukwa ndiwe wa pamudzi kale. Azungu anatenga liwu lomwelo n'kulisandutsa msonkho wa malo.

Khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo, koma ntchito ziwirizi si imodzi. Ndamva mdzukulu wanga akundiwerengera za Paulo ndi Yakobo. Ine ndikuti Paulo akukana thangata wa mzungu, wogwira kuti Mulungu asakuthamangitse pa malo ake. Yakobo akufuna thangata wa makolo, wa mwana wa pamudzi amene sangagone mnzake denga litagwa. Akhristu ambiri amene ndapemphera nawo zaka zonsezi akugwira wa mzungu. Amapereka ndi kusesa ndi kusonkha kuti khadi lidzaze, kuti tsiku la imfa adzayimbidwe. Ndawamva ndi makutu anga akunena zimenezo.

Malume wakoyo, mwana wanga, sindinamudziwe. Mtima wake ndi Mulungu sindingaulowe. Koma usiku wa Napolo uja sanagwire thangata wa mantha, chifukwa khadi analibe kale, panalibe chimene akanapindula. Ndimo mmene ndikuonera ine.

Bambo a Yamikani, ku Makwasa:
Agogo anena zimene ine ndinalephera kunena ndi mavesi anga onse. Ndingowonjezera kuti ngakhale malamulo khumi pa Eksodo 20 amayamba ndi Mulungu kunena kuti ndi Iye anawatulutsa ku Igupto. Anayamba wawatulutsa, malamulo anabwera pambuyo.

Mkulu wa mpingo, ku Chisitu:
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira madzulo, ndipo ndaona kuti ndisathawe, pakuti ine ndi mmodzi wa anthu amene amakhala pa bwalo lodula anthu. Si mpingo wathu umene unachita za ku Mulozazo, koma zoterezi nafenso tazichitapo.

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo anzanga pang'ono. Chilango cha mpingo si chopeka. Chili pa Mateyu 18:15-17 ndi pa 1 Akorinto 5. Mpingo wopanda mwambo umasanduka msika. Ndipo akulu aja akanayimba, mawa banja lina likanabwera kudzafunsa kuti bwanji wathu simunamuyimbe. Udindo umenewu ndi wolemera, anthu samaudziwa.

Koma funso lanu lachiwiri, mayi a Tadala, ndiliyankha mosazungulira. Ayi. Kaundula wa mpingo si buku la moyo. Ife timasunga la pansi pano, lokhala ndi maina ndi zopereka, ndipo timalakwitsa. 2 Timoteo 2:19 akuti Ambuye azindikira amene ali ake, ndipo 1 Akorinto 4:5 akutiletsa kuweruza nthawi isanakwane, asanabwere Iye amene adzaunika zobisika. Wachifwamba wa pamtanda uja pa Luka 23 sanalowe kalasi, sanadye mgonero, maliro ake palibe anayimba. Kusayimba ndi chigamulo cha bwalo la anthu pa zimene anaona ndi maso. Kunena kuti munthu ali kumoto ndi chinthu china, ndipo palibe mkulu, mbusa kapena mlaliki amene anapatsidwa mphamvu imeneyo.

Chimene chikundilasa ine ndi zaka 11 zija. Chilango cholinga chake ndi kubweza munthu. Paulo yemwe analamula chilango ku Korinto, pa 2 Akorinto 2 akuti wolangidwayo mumukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chopambanitsa. Agalatiya 6:1 akuti mumubweze ndi mzimu wofatsa. Ndadziwerengera usiku uno anthu amene tinawadula m'dera langa chilowereni ine pa ukulu, ndi angati amene ndinawayendera pakhomo pambuyo pake. Manyazi andigwira. Timalengeza dzina Lamulungu m'mawa, basi, n'kudzakumananso ndi munthuyo ali m'bokosi.

Nachisale:
Abambo, zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Koma ndinene chimene ambiri timanong'onezana. Kwathu kunamwalira munthu wa sitolo ndi magalimoto, aliyense ankadziwa kuti ali ndi nyumba yachiwiri, kutchalitchi ankaoneka pa Khirisimasi pokha. Abale ake anathamanga m'mawa wa maliro kukalipira zonse zotsalira pa khadi, ndipo makwaya anabwera anayi. Mwezi womwewo mayi wina wamasiye wogulitsa zinanazi pamsewu sanayimbidwe chifukwa cha ngongole ya chopereka. Tikamati chipulumutso n'chaulere pa guwa, koma nyimbo ya pa maliro ili ndi mtengo, anthu akhulupirira ziti?

Mkulu wa mpingo, ku Chisitu:
Akhulupirira za pa maliro, chifukwa ndi zimene amaziona. Sindingakutsutseni amayi. Ndi chimodzimodzi chija Yakobo anadzudzula, cha mphete yagolide. Bwalo lathu likumana kumapeto kwa mwezi uno ndipo nkhani ya makhadi ndi maliro ndikaiika pa tebulo. Sindikulonjeza kuti ipambana, ndili ndi voti imodzi.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Ndavomera kuti mlaliki uja sanayenere kunena kuti malemu ali kumoto. Sanali nawo pa ola lomaliza, ndipo inenso sindinali nawo. Amayi, ngati mawu anga oyamba anakulasani, mundikhululukire. Koma pa mfundo sindisuntha. Ngati amalume ali ndi Ambuye, ali nawo chifukwa cha mwazi wa Yesu, osati chifukwa cha mtsinje uja. Ndipo ife amene tili moyo tisatengerepo chilolezo chokhala kunja zaka 11 n'kumati Mulungu adziwa mtima. Ahebri 10:25 akuti tisaleke kusonkhana.

Akatekisiti, ku Thyolo boma:
Pa mwazi wa Yesu palibe amene wakutsutsani pano, achimwene. Pamene tasiyana ndi pakuti inu mukuona mtsinje uja ngati chinthu chapadera, ine ndikuona ngati mwina ndi pamene mwaziwo unaonekera. Tidzapitiriza tsiku lina.

Mayi a Tadala, ku Chonde:
Ndabwera kumudzi m'mawa uno. Achimwene a ku Bvumbwe, palibe mlandu, munanena zimene mumakhulupirira. Ngati amalume analapa kapena ayi, ine ndilibe umboni woti ndikupatseni. Chimene ndikudziwa n'chakuti Baibulo lawo lakale la Buku Lopatulika talipeza pansi pa pilo, losasuka chikuto, ndipo azakhali akuti nsima sankaigwira asanapemphere. Chaka chatha ndinawafunsa chifukwa chimene sabwerera kumpingo. Anangoti, mwana wanga, ndikalowa bwanji, aliyense akandiyang'ana. Ndinaseka, sindinawaperekeze. Chimenechi chikundiwawa kuposa mawu a kumanda aja.

Mayi ndawafotokozera za aganyu a m'munda wa mpesa ndi za thangata wa agogo. Za thangatazo anazimva msanga, agogo awo anagwirapo. Akhala chete nthawi yaitali, kenako amwa phala pang'ono. Afunsa chinthu chimodzi. Pali nyimbo ina imene alongo awo ankaikonda ali anyamata a kwaya, akuti kodi n'kulakwa wina atabwera kudzaiyimba m'nyumba muno, osati kumanda, osati mwa mpingo, kungoyimba chabe? Iwo mawu sakutuluka.

Mkulu wa mpingo, ku Chisitu:
Si kulakwa. M'dzina la bwalo sindingabwere, si dera langa, koma ngati munthu ndingathe. Lachiwiri ndikwera minibasi ya ku Limbuli ndi mayi akunyumba, iwo ndi amene ali ndi mawu abwino. Buku la nyimbo tili nalo. Afunseni mayi nambala yake, kapena mzere woyamba ngati nambala aiwala, munditumizire kumbali pamodzi ndi malo otsikira.